Rodriguez wa ku Detroit: kutchuka ku Joni, maganyu kwawo, nanga ndalama anadya ndani?

Mavuto wa ku Kapa
Abale anga pagulu pano, ndithandizeni. Abwana amene ndimawagwirira ntchito kuno ku Cape Town, mzungu wachikulire ndithu, akangokoleza moto wootcha nyama Loweruka amaika chimbale chimodzimodzi. Ndi bambo wina woimba ngati akungolankhula, gitala youma, besi yolemera pansi. Nditafunsa anati ndi Rodriguez, ndipo ali anyamata kunalibe mnzawo wopanda chimbalechi. Chandizunguza n'chakuti akuti kwawo ku America munthuyu ankagwira maganyu osadziwa n'komwe kuti kuno ndi katakwe. Zoona zimenezi, kapena ndi nkhani za pamowa?

Tiya_Leeds
Zoona achimwene. Pali filimu yake, Searching for Sugar Man, ya 2012. Ine ndinalira nditaonera, sindikunama. Munthu wodzichepetsa ngati ameneyo sindinamuonepo.

Madala Gondwe
Ndikuyalireni bwino nkhaniyi a Mavuto, poti ine nyimbo za mtundu umenewu ndi ndiwo zanga.

Dzina lake lonse ndi Sixto Diaz Rodriguez. Anabadwa pa 10 July 1942 mumzinda wa Detroit, ku Michigan, mwana wachisanu ndi chimodzi m'banja la anthu ochokera ku Mexico amene anapita kumeneko kukasaka ntchito. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zitatu. Detroit ya nthawi imeneyo inali ya mafakitale a galimoto komanso ya kampani yotchuka ya nyimbo ya Motown, ndiye mnyamatayu anakulira pakati pa anthu a maovolosi, masana ntchito yamanja, usiku gitala m'mabala.

Mu 1967 anatulutsa kanyimbo kamodzi pa kampani yaing'ono ya Impact, koma sikanapite patali. Kenako akatswiri awiri ojambula nyimbo, Mike Theodore ndi Dennis Coffey, anakamupeza m'bala ina yotchedwa The Sewer kufupi ndi mtsinje wa Detroit, akuimba atafulatira anthu. Coffey ameneyu si munthu wamba, ndi mmodzi mwa oimba gitala amene ankamveka m'nyimbo za Motown. Anamutengera ku Sussex Records, kampani ya Clarence Avant, ndipo mu 1970 kunatuluka chimbale cha Cold Fact. Chachiwiri, Coming from Reality, anakachijambulira ku London ndi Steve Rowland, chinatuluka mu 1971. Zonse ziwiri ku America zinangogona m'mashelefu. Kampani inamusiya chakumapeto kwa 1971, ndipo nayo inatsekedwa mu 1975.

Basitu, munthu anabwerera ku ntchito yamanja. Kugwetsa nyumba zakale, kukonza madenga, kunyamula zinyalala za pamalo omanga.

NaBanda
Madala, zimbale ziwiri zokha basi? Moyo wonse?

Madala Gondwe
Zojambulidwa mu situdiyo ndi ziwiri zomwezo, mayi. Zina zonse ndi zosonkhanitsa nyimbo zakale zomwezo kapena zojambulidwa pa shoo.

Gitala Yakale
Chimene chimandipweteka ine n'chakuti kampani yomweyo ya Sussex ndi imene inatulutsa Bill Withers, mu 1971 momwemo. Withers naye anali munthu wa kufakitale, koma iye zinamuyendera nthawi yomweyo. Ndiye musamati kampaniyo sinkadziwa kugulitsa nyimbo. Inkadziwa. Kungoti Rodriguez sankadziwa poti amuike. Wakuda ayi, mzungu ayi, dzina lachimekisiko, nyimbo zangati za Bob Dylan, mawu ake okamba za mankhwala osokoneza bongo, umphawi wa m'tauni ndi andale abodza. Wayilesi iti ikanamuomba? Kuwonjezera apo munthu wake wamanyazi, woimba atafulatira anthu. Mu bizinesi imeneyi manyazi ndi umphawi.

Mavuto wa ku Kapa
Nanga kuno chimbalecho chinafika bwanji?

Tiya_Leeds
Mufilimu muja amati mwina mtsikana wina wa ku America anabwera nacho pokaona chibwenzi chake, anthu n'kuyamba kukopa pa makaseti.

Madala Gondwe
Imeneyo ndi nthano yokometsera, mwana wanga, ndipo mufilimumo amainena ngati mphekesera chabe. Chogwirika n'chakuti makampani a ku South Africa anachisindikiza mwalamulo n'kumachigulitsa m'masitolo kwa zaka zambiri, poyamba pa malekodi, kenako makaseti, kenako ma CD. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi zimbale pafupifupi 500,000. Kwa dziko limene ogula ake ambiri anali kagulu kochepa ka azungu, chimenecho ndi chiwerengero choopsa.

Boma la tsankho linathandizanso mosadziwa. Nyimbo yoyamba pa Cold Fact, Sugar Man, imatchula mankhwala osokoneza bongo, ndiye ku wayilesi ya boma ya SABC anachita kuikanda ndi chinthu chakuthwa pa lekodi pomwepo kuti singano isadutsepo. Wachinyamata ukamuletsa chinthu ndiye wamuuza kuti akachisake.

Che Jafali
Hahaha zimenezo ife sizachilendo. Kwathu kuno bungwe loona zoyenera kumvera linaletsa nyimbo ya Simon ndi Garfunkel ija chifukwa cha dzina la Cecilia. Amene tinalipo nthawi ya Ngwazi tikudziwa chifukwa chake.

Koma ine ndili ndi mawu. Ndinakhala ku Joni zaka zambiri ndili mnyamata, ndipo Rodriguez ameneyu sindinamumvepo olo tsiku limodzi m'makomboni. Ife tinkamvera Mahlathini ndi Mahotella Queens, Soul Brothers, kenako Brenda Fassie. Ndiye anthu akamati anali wotchuka ku South Africa, azinena bwino kuti South Africa yake iti.

NaBanda
Apo mwalasa Che Jafali. Inenso filimuyo ndinaionera ndipo mbali imeneyi inandinyansa pang'ono. Amakamba ngati nyimbo za bamboyu zinathandiza kugwetsa apartheid. Koma abale! Miriam Makeba anamulanda pasipoti mu 1960, anakhala kunja zaka makumi atatu, maliro a mayi ake omwe sanaike nawo. Hugh Masekela chimodzimodzi, moyo wothawa kwawo. Ana anaphedwa ku Soweto mu 1976. Ndiye tiziti ufulu unabwera chifukwa ana a azungu ankamvera chimbale kuchipinda atatseka chitseko?

Sekuru Phiri Byo
Ndilowepo pang'ono. Ine ndinabadwira kuno ku Bulawayo, bambo anga anachokera ku Dedza. Kunonso nthawi ya Rhodesia chimbalechi chinali m'nyumba za azungu, ndipo mpaka lero achikulire awo amachidziwa pamtima. Ife tinali ndi Thomas Mapfumo. Ndiye ndikugwirizana ndi Che Jafali.

Komabe mayi NaBanda, musachepetse kwambiri. Mnyamata wachizungu wa nthawi imeneyo ankakakamizidwa kulowa usilikali akangomaliza sukulu. Kutchalitchi amuuza kuti tsankho ndi dongosolo la Mulungu, kusukulu chimodzimodzi, pawayilesi chimodzimodzi, TV ku South Africa inayamba mu 1976 mokha. Ndiye akumva munthu akuimba poyera kuti akuluakulu a boma ndi onama, meya amabisa chiwerengero cha umbanda, dongosolo lonse ndi lovunda. Kwa iyeyo linali khomo loyamba. Ena mwa oimba achibunu amene anadzayambitsa gulu la Voëlvry chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, lonyoza boma m'chilankhulo cha boma lomwelo, ananena okha kuti anakulira pa Rodriguez.

NaBanda
Chabwino Sekuru, khomo loyamba ndavomera. Koma ambiri anangoima pakhomo pomwepo, n'kupita kunkhondo ku Angola kaseti ili m'thumba.

Mavuto wa ku Kapa
Abwana anga ndi mmodzi wa amenewo, anapitadi ku usilikali. Koma tiyeni tipitirire, anamupeza bwanji munthuyu?

Madala Gondwe
Apa ndiye pokoma. Poti pachikuto cha chimbale panalibe mbiri yake, anthu ku South Africa anadzipangira yawo. Ena ankati anadziwombera pa siteji, ena ankati anadzithira mafuta n'kudziyatsa anthu akuona, ena ankati anafera kundende. Aliyense ankakhulupirira kuti anamwalira kalekale, mkangano unali pa imfa yake basi.

M'zaka za m'ma 1990 anthu awiri anaganiza zofufuza. Wina ndi Stephen Segerman, amene anzake ankamutchula kuti Sugar, yemwe anadzakhala ndi sitolo ya malekodi ya Mabu Vinyl ku Cape Town konko. Wina ndi mtolankhani Craig Bartholomew Strydom. Strydom anayesa kulondola njira ya ndalama, kufunsa makampani kuti mumatumiza kwa ndani, koma ankangogunda khoma. Kenako anatchera khutu ku mawu a m'nyimbo ina momwe mumatchulidwa Dearborn, n'kupeza pamapu kuti ndi tauni yoyandikana ndi Detroit. Mapeto ake, mu 1997, anapeza Mike Theodore pafoni, n'kumufunsa kuti kodi Rodriguez anafa bwanji. Theodore anamuuza kuti munthuyo ali moyo, ali ku Detroit.

Chaka chomwecho cha 1997 mwana wamkazi wa Rodriguez anapeza tsamba la pa intaneti limene Segerman ndi anzake anatsegula losakasaka bambo ake, n'kulembapo. Pa 6 March 1998 Rodriguez anakwera siteji ku Bellville Velodrome, gulu la Big Sky likumuimbira zida. Anthu anakuwa kwa nthawi yaitali asanayambe n'kuimba komwe. Anachita mashoo asanu ndi imodzi ulendo umenewo, kenako n'kubwerera ku Detroit, ku ntchito yake yomwe ija.

Mavuto wa ku Kapa
Bellville! Ndimadutsa pamenepo ndikamapita kokatumiza katundu kumudzi. Sindinadziwe.

Tiya_Leeds
Mbali imeneyo ndi imene inandiliza ine. Kuchoka m'hotela yapamwamba, kubwerera kukanyamula zidutswa za njerwa, osadandaula. Nyumba yake ya ku Woodbridge, dera la mu Detroit, akuti anaigula pa okushoni ya boma mu 1976 pamtengo wa madola 50 okha, ili bwinja, ndipo sanasamukemo olo atatchuka. Ndalama za mashoo zambiri ankagawira ana ake ndi anzake. Anthu otere ndi osowa.

Gitala Yakale
Achemwali Tiya, ndikupempheni, mawu akuti kudzichepetsawa tiwasamale. Ine ndine woimba, ndipo ndikamva anthu akuyamikira woimba chifukwa chosadandaula ndimachita mantha. Munthu wagulitsa zimbale theka la miliyoni, iye osalandira olo tambala, ife n'kumaomba m'manja kuti koma ndiye ndi wofatsa. Amene anadya ndalamazo ndi amene amakonda nkhani ya kufatsayo kuposa tonsefe.

Ndifotokoze mmene zimayendera, poti ambiri sadziwa. Nyimbo imodzi imabala ndalama ziwiri. Yoyamba ndi ya wopeka, amene analemba mawu ndi kayimbidwe. Yachiwiri ndi ya chojambulidwacho, ndipo mwini wake nthawi zambiri ndi kampani imene inalipira situdiyo. Woimba amangolandirako kagawo, ndipo kagawoko kamayamba kubwera kampani ikabweza kaye zonse zimene inawononga. Chimbale chikagulitsidwa kunja, kampani ya kunjayo imalipira kampani ya kwanu, osati iweyo. Ndiye kampani ya kwanuyo ikatsekedwa, ngati mmene Sussex inachitira mu 1975, ndalama zimangoyenda m'mapaipi amene iwe sukuwadziwa.

Mufilimu muja akuluakulu a makampani a ku South Africa ananena kuti iwo ankatumiza ndalama ku America. Atamufunsa Clarence Avant, anapsa mtima n'kunena kuti za kontirakiti ya 1970 ndani angazikumbuke. Filimu inangozisiyira pomwepo n'kubwerera ku nyimbo zokoma.

NaBanda
Eya! Funso lalikulu analifunsa kamodzi n'kulithawa.

Madala Gondwe
Linadzafika kukhoti, mayi. Mu 2014 kampani ya Gomba Music ya Harry Balk inasumira Avant ndi kampani yake. Nkhani inali yakuti Rodriguez anali atasaina kale ndi Gomba m'zaka za m'ma 1960 kuti nyimbo zonse zimene angapeke zikhala zawo. Tsono mukayang'ana pa Cold Fact, nyimbo zambiri sizinalembedwe kuti wopeka ndi Sixto. Zinalembedwa Jesus Rodriguez, dzina la mchimwene wake, zina Sixth Prince. Odandaulawo ankati zimenezi zinachitika dala pofuna kuzemba kontirakiti yoyamba ija. Onani tsono, ngakhale kukhotiko amene ankalimbana ndi makampani awiri, aliyense akuti nyimbozo ndi zanga.

Chodabwitsa china, Rodriguez anamwalira pa 8 August 2023 ali ndi zaka 81, ndipo Avant anamutsatira pa 13 August, patangopita masiku asanu.

Gitala Yakale
Ndiye mwaona. Dzina lolakwika pachikuto, nkhani yatha. Ine ndinajambulapo nyimbo kusitudiyo ina kuno ku Lilongwe, mwini situdiyo n'kukailembetsa m'dzina lake ngati wopeka, poti sindinamalize kulipira. Mpaka lero ikamaombedwa ine ndimangomvera ngati wina aliyense. Achinyamata amene muli pagulu pano, musanatulutse nyimbo pitani mukailembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, m'dzina lanu lenileni, ndipo pepala lililonse limene mukusaina mulitengere kunyumba kaye.

Tiya_Leeds
Ndakumvani achimwene, koma simungakane kuti mwini wakeyo sankaoneka wowawidwa mtima. Si filimu yokha, ngakhale pocheza ndi atolankhani ankayankha mofatsa.

NaBanda
Kufatsa pakamwa sikutanthauza kuti munthu alibe mkwiyo, achemwali. Tamverani nyimbo zakezo. Munthu wokhutira ndi moyo saimba zimene zija. Komanso uyu si munthu amene anangokhala phee kudikira chisomo. Anapita ku Wayne State University akugwira maganyu omwewo, n'kutenga digiri ya filosofi mu 1981. Anaimirapo pa chisankho cha umeya wa Detroit, anaimiranso ukhansala, kangapo konse, osapambana. Munthu amene amalimbana ndi andale pa balota si nkhosa. Filimu inasankha kutionetsa woyera mtima woyenda m'chipale atanyamula gitala, poti ameneyo ndi amene amagulitsa matikiti.

Sekuru Phiri Byo
Ndipo pali china chimene filimuyo inabisa. Australia.

Mavuto wa ku Kapa
Australia yatani Sekuru?

Sekuru Phiri Byo
Kumenekonso anali wotchuka, ndipo ankadziwa. Kampani ya Blue Goose Music inagula ufulu wosindikiza nyimbo zake, n'kutulutsa chimbale chosonkhanitsa cha At His Best mu 1977. Mu 1979 Rodriguez anapita yekha kukaimba ku Australia m'maholo odzaza, anabwereranso mu 1981 n'kuimba limodzi ndi gulu la Midnight Oil. Ndiye nkhani yakuti kuyambira 1971 mpaka 1998 sanakwerepo siteji yaikulu si yoona. Chimene sankadziwa ndi za South Africa, osati kuti kulibe kulikonse kumene amamukonda.

Tiya_Leeds
Koma filimuyo inali yokamba za anthu a ku Cape Town amene ankamusaka. Iwowo za Australia sankazidziwa, nthawi ya mashoo amenewo intaneti kunalibe, dziko lawo linali lotsekeka. Wopanga filimu anangotsatira maso awo.

Madala Gondwe
Mfundo imeneyo ndi imene opanga filimuyo ankadzitchinjiriza nayo, ndipo ili ndi mutu. Komabe chiganizo chimodzi chokha chikanakwana. Anachisiya poti chikanachepetsa kukoma kwa nkhani.

Tisamunyoze kwambiri mnyamatayo. Malik Bendjelloul, wa ku Sweden, anathera zaka zingapo pa filimu imeneyi, ndalama zinamuthera panjira mpaka zidutswa zina anajambula ndi foni ya iPhone. Inayamba kuonetsedwa pa chionetsero cha mafilimu cha Sundance mu 2012, n'kupata mphoto ya Oscar mu February 2013. Rodriguez sanapite nawo kumwamboko, akuti sanafune kulanda ulemu wa amene anapanga filimu. Bendjelloul anadzipha mu May 2014 ali ndi zaka 36. Zachisoni kwambiri.

Tinenenso kuti filimu isanabwere, kampani yaing'ono ya ku Seattle, Light in the Attic, inali itatulutsanso Cold Fact mu 2008 ndi Coming from Reality mu 2009. Kuyambira pamenepo ndi pomwe ndalama za zimbale zinayamba kumufika mwini wake bwinobwino. Ndipo achinyamata a hip hop anali atamupeza kale, Nas anatapako Sugar Man mu 2001.

Che Jafali
Ndiye anadyerera pang'ono asanafe?

Madala Gondwe
Anadyerera. Mu 2013 anaimba pa zikondwerero zazikulu za nyimbo ku Coachella, ku Glastonbury, ku Montreux. Yunivesite yake ija inamupatsa digiri yaulemu chaka chomwecho. Koma anali ndi zaka 70 ndi kupitirira, maso atafooka ndi matenda a glaucoma, pokwera siteji ankachita kumugwira dzanja. Amene anamuonera nthawi imeneyo ena ankadandaula kuti mawu anali atatha, mashoo ena ankayenda mokhwepa.

Che Jafali
Zangofanana ndi za agogo athu a Giddes Chalamanda. Kuimba moyo wonse ndi gitala yosweka, dziko kudzadzidzimuka munthu ali ndi zaka 90. Fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika, koma ulemu wochedwanso umapeza mano atatha.

Gitala Yakale
Zoona Che Jafali. Koma chimene ine chimandiwawa si ndalama zokha. Ndi nyimbo zimene sizinabadwe. Munthu ali ndi zaka 27 anajambula Cold Fact. Tangoganizani ndalama za ku South Africa zija zikanamufika mu 1975, akanakhala ndi nthawi, situdiyo, mtendere wa mumtima. Tikanakhala ndi zimbale khumi. M'malo mwake zala zimene zinkayenera kukhala pa nsambo zinathera pa nyundo ndi chibonga.

NaBanda
Kapena akanalemera n'kuyamba kuimba zopanda mchere ngati anzake ambiri a nthawi imeneyo. Sitingadziwe. Ine ndimaona kuti chachiwiri chija chinayamba kale kutsetsereka, mavayolini achuluka, ukali wachepa.

Madala Gondwe
Ayi mayi, pamenepo ndiye tisiyana. Coming from Reality ndi chimbale cha munthu wokhwima. Nyimbo yotsekera ija, Cause, imayamba ndi munthu wochotsedwa ntchito kutatsala milungu iwiri kuti Khirisimasi ifike, ndipo Steve Rowland amanena kuti ndi mmenenso kampani inadzamuchotsera mwini wakeyo chimbale chitangotuluka. Mukaimvere usiku muli nokha mudzandiuze.

NaBanda
Ndinaimvera madala, ndi yabwino, sindikukana. Koma nyimbo imodzi si chimbale. Cold Fact mulibe yotaya, ndipo besi ya Bob Babbitt yokha ija ndi yokwana kugulira chimbale chonse.

Mavuto wa ku Kapa
Ndikadzapuma Lachitatu ndikafufuza ngati sitolo ya Mabu Vinyl ija ikadalipo, ndikajambule chithunzi ndiponye pano.

Junior 25
Mabigi, ndawerenga zonse kuyambira pamwamba. Amene ali ndi nyimbozi atumize pano tizimvere nafe.

Gitala Yakale
Aise Junior, tsiku lonse takhala tikukamba za chiyani? Zili pa Spotify ndi pa YouTube, pa tsamba lake lovomerezeka. Kamvere kumeneko, ana ake alandireko kenakake.

Junior 25
Bandulo yanga ndi ya WhatsApp yokha bigi, ndiye mundiuze chochita.

Tiya_Leeds
Nditumizire nambala yako kumbali, ndikugulira ya sabata. Uyambe ndi Cold Fact, kenako ubwere utiuze ngati uli mbali ya a NaBanda kapena ya madala.